Nyumba ya matayala pa msewu wa kunyanja

Ife a geni ya usipa ndi mpunga, msewu wa kunyanja timaudziwa bwino, koma timaudziwa ndi msana. Timadziwa pamene pali maenje chifukwa cha mmene lole imatigwedezera. Timadziwa marodibuloko chifukwa cha tochi ya apolisi, ndipo timadziwa kuti tafika pa Chia tikamva fungo la chambo ndi phokoso la anyamata othamangira galimoto. Ine ndapikula katundu ku Salima ndi ku Nkhotakota kwa zaka 11, kubwera naye pa benchi langa mu msika wa Nsungwi ku Area 25. Koma kale mukanandifunsa kuti nyanjayo imaoneka bwanji dzuwa likamatuluka, ndikanangoseka, poti nthawi imeneyo maso anga amakhala pa ndowa, kuyang'ana ngati mnyamata woyeza sakundibera.

Pa msewu womwewo, wa M5, pamadutsanso anthu a mtundu wina. Mwina munawaonapo: zigalimoto zazikulu zokhala ndi makwerero kumbuyo, njinga zomangirira, zigubu pamwamba, manambala a ku Germany, ku Netherlands kapena ku Joni. Ambiri amalowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania, ena ali pa ulendo wochoka ku Cairo mpaka ku Cape Town. Eni ake amazitcha motorhome, koma ana a m'mbali mwa msewu amangoti nyumba ya matayala. Tikakhala pamwamba pa matumba n'kuziona zikutidutsa, timauzana kuti, "Awo ndiye amadya dziko." Palibe mwa ife amaganiza zoti angadzagone m'chinthu chotere.

Ine ndinagonamo mausiku asanu, kumayambiriro kwa Ogasiti 2024, ndipo galimotoyo sinali ya mzungu. Achimwene anga, oyamba kubadwa kwathu, amayendetsa thiraki ku Johannesburg. Anagula Quantum yakale imene inatopa ndi ntchito ya takisi, n'kuzula mipando yakumbuyo. Okha, Loweruka ndi Lamlungu, anakhomamo bedi lopinda, kabati, kasinki ndi thanki ya madzi ya malita 60. Pamwamba anaikapo sola yotchaja batire, ndipo batireyo imayendetsa kafiriji ndi magetsi awiri. Chophikira ndi cha gasi. Chimbudzi mulibe. Anabwera nayo kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Dedza, ndipo atafika anthu a pa laini yathu anatuluka kudzasuzumira ngati kwabwera mkwatibwi.

Chimene anabweretsera galimotoyo ndi amayi. Amayi anabadwira m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, anachokako atakwatiwa ndi malemu abambo, ndipo chichokereni anapitako pa maliro okhaokha. Maso awo onse awiri anachita ng'ala. Anayamba ndi kulephera kulowetsa ulusi m'singano, kenako kulephera kusankha mpunga, mpaka kufika pomazindikira munthu ndi mawu okha. Kuchipatala anatiuza kuti ng'ala imachotsedwa ndipo munthu amaonanso, koma amayi anakanitsitsa. Ankati, "M'diso mwanga musalowe mpeni. Mungondionetsa nyanja asanatsekeretu, basi." Minibasi sakanaikwanitsa chifukwa cha miyendo, ndiye achimwene anaganiza zobweretsa galimoto yoti amayi azitha kugona pamene atopa.

Kwa ine nkhani inali benchi. Anzanga a mu msika mukudziwa kuti geni ndi mwana wakhanda, sasiyidwa. Ukatseka masiku awiri kasitomala amazolowera benchi loyandikana nalo, komanso kubanki m'khonde safuna kumva zoti unali ku ulendo, sheya ndi sheya. Ndinawauza achimwene kuti apite awiri ndi amayi. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chemwali, amayi akafuna kusamba kapena kudzithandiza usiku, ndiwagwire dzanja ndine?" Ndinalibe yankho. Ndinasiyira benchi msuweni wanga, n'kumulembera mitengo ya mulu uliwonse pa katoni, n'kutenga mwana wanga wamkazi wa zaka 9 poti sukulu anali atatsekera. Achimwene anaika lamulo limodzi lokha: m'galimoto mwawo simulowa usipa.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa pa msewu wa M14. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kenako ena pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay. Amayi anagona pa bedi njira yonse, koma titatsika mapiri n'kuyamba kumva kutentha anadzuka okha n'kuti, "Tsegulani windo, tayandikira." Madzi anali asanaoneke n'komwe.

Pa geti la malo ena ogona kumeneko ndi pamene tinalandira moni wowawa. Mlonda anasuzumira, n'kuona ine ndi chitenje changa, amayi ndi duku lawo, n'kunena kuti ogulitsa malonda saloledwa kulowa, ndipo ngati tabwera kudzaona madzi tipite ku doko. Achimwene anatsika mwaulemu n'kumuonetsa bedi ndi firiji, n'kumuuza kuti tabwera kudzagona ndipo tilipira. Mlondayo anazungulira kumbuyo, ataona nambala ya ku Joni nkhope inasintha, geti linatseguka, "bwana" anayamba kuchuluka. Zinandipweteka kuti chimene chinatilowetsa pa nyanja imene amayi anga anabadwira ndi kachitsulo ka nambala ya dziko la eni. Mtengo unalembedwa m'madola, pa munthu aliyense, ndipo nditawerengera m'mutu ndinapeza kuti kugona kwa usiku umodziwo kunali phindu langa la masiku atatu. Chimene tinagula ndi ndalamazo ndi malo oimika galimoto pansi pa mtengo, bafa, chimbudzi, mpopi ndi mlonda yemwe uja.

Kagonedwe kathu kanali kotere: amayi ndi mdzukulu wawo pa bedi, ine pa matiresi pansi pafupi ndi chitseko, achimwene mu tenti panja. Neti tinkamangirira ku zitsulo za denga, poti udzudzu wa kunyanja suona kuti uli m'galimoto yokongola. Nyumba yotere imakuphunzitsa kuwerenga chilichonse. Malita 60 amaoneka ambiri, koma ukaphika, kutsuka mbale ndi kusambitsa munthu wamkulu, tsiku lachiwiri thanki ili gwaa. Batire nayo ikakhala tsiku lonse pamthunzi, pakati pa usiku firiji imazima. Ndiye umasankha: uimike padzuwa muphike ndi kutentha, kapena pamthunzi ndiwo zionongeke. Mafuta achimwene ankathira paliponse pamene awapeza ngakhale thanki ili theka, poti kuno kwathu za mawa pa filing'i sizidziwika.

Usiku woyambawo kunalibe mwezi, ndipo ndi nthawi imene asodzi a usipa amakonda. Siginala amapita patsogolo ndi bwato la nyali, usipa umasonkhana pa kuwalako, kenako alovi amazungulira ndi chilimira n'kukoka. Ine izi ndimazidziwa ngati nkhani ya mtengo: mwezi ukawala usipa umasowa, ndowa imakwera. Koma ndinali ndisanakhalepo pansi n'kuyang'ana nyalizo popanda kuwerengera kuti mawa ndigula zingati. Zinali mzere wautali kuchoka kumanja mpaka kumanzere, ngati tauni yamangidwa pamadzi. Mwana wanga anayamba kuziwerenga mokweza. Atafika pa 40, amayi anamufunsa kuti, "Ukuwerenga chiyani, mwanawe?" Anawauza. Amayi anayang'ana nthawi yaitali n'kunena motsitsa kuti, "Ine ndikungoona utsi woyera." Palibe anayankha. Achimwene anadzuka n'kukayamba kukonza chingwe cha tenti chimene chinali bwinobwino.

Lachiwiri tinalowera ku Nkhotakota, makilomita oposa 100 kuchoka pa Salima. Pa mlatho wa Chia, pamene ndimadutsa nthawi zonse ndili pamwamba pa lole, tinaima n'kugula chambo chachiwisi. Apa ndiye ndinagwira ntchito yanga. Mnyamata ataona galimotoyo anatchula mtengo wa azungu, ine n'kutulutsa mutu pa windo, iye n'kuseka, "Aa, ndinu amayi a ku 25?" Mtengo unatsika ndi theka.

Mbiri ya Nkhotakota tinailoweza ku sekondale kuti tikhoze mayeso: a Jumbe amene ankaolotsa akapolo pa nyanja kupita nawo ku gombe la kum'mawa, ndi mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863. Mtengowo tinakauona. Koma amayi sankafuna za Livingstone, ankafuna gombe la kwawo pamene ankatsukira mbale ali mtsikana, pamene panali mtengo wa mkuyu ndi mwala umene ankachapirapo. Tinasiya tala n'kulowa kamsewu ka mchenga, ndipo tisanafike patali matayala akumbuyo anatitimira. Achimwene akaponda mafuta, galimoto imangokumba manda ake. Anatipulumutsa ndi anyamata a m'mudzimo. Mmodzi anati tiphwetse matayala pang'ono kuti atambasuke, ena anafukula ndi manja n'kuyala makuni ndi nthambi, kenako onse anakankha akuimba. Ndalama anakana atamva kuti amayi ndi mwana wa pamudzipo. Anangopempha kuti alowe aone firiji.

Gombe la amayi sitinalipeze. Chaka chimenecho nyanja inadzaza kuposa mmene anthu ambiri amoyo anaionerapo, ndipo inameza magombe, minda, nyumba ndi malo ogona alendo m'maboma a m'mbali mwake. Mkuyu uja unali chiimire m'madzi ofika m'chiuno, mwala osaoneka. Matandala oyanikapo usipa anawasamutsira kumtunda, pafupi ndi manda. Ndinkaopa kuwauza amayi, koma iwo anavula nsapato, n'kundigwira phewa, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Anati, "Uwu ndi mwera, ukuchokera kumwera uku. Lero asodzi anzeru salowa." Kenako anayamba kutiuza za mpoto ndi vuma, za mpasa umene umakwera mtsinje wa Bua nthawi yoswana, za agogo athu amene ankasema mabwato. Zonsezi sanatiuzepo ku Lilongwe zaka zonsezi. Mwana wanga anafunsa kuti, "Agogo, ndiye inu mumatha kusambira?" Amayi anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinkawasiya anyamata kumbuyo, iwe."

Kumeneko tinagona mausiku awiri osalipira kanthu. Tinakaonekera kwa amfumu ndi paketi ya shuga, iwo n'kutilozera poimika, kutali ndi bango. Anatichenjeza kuti pamene pali bango ndi madzi odekha ndi pamene pamakhala nkhono za likodzo, komanso kuti pa mathiriro a mitsinje pamakhala ng'ona ndi mvuu, tisayendeko kukada. Azibale a amayi anabwera ndi kondowole, ife tinawaphikira tiyi pa gasi, ndipo mpaka pakati pa usiku panja pa galimoto panali ngati pa chinkhoswe. Ndinaona kuti malo olipira amakupatsa bafa ndi bata, pamene kumudzi amakupatsa anthu, koma chinsinsi iwalani. Pofika 5 koloko m'mawa ana anali atamata kale nkhope pa magalasi.

Lachinayi tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, kumene madzi osefukira anaononga midzi ndi kudula msewu kumayambiriro kwa chaka chomwecho, ndipo zipsera zake zinali zikuonekabe. Tinalowa m'boma la Nkhata Bay, kwa Atonga, kumene mchenga ndi woyera ngati ufa. Tinaima pa Bandawe, pamene amishoni a Livingstonia anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear kumene anayambira mu 1875, asanakwere ku Khondowe mu 1894 pothawa malungo. Pamanda akale pali miyala ya anthu amene anafa ali achinyamata. Amayi anati, "Udzudzu wa kuno susankha khungu," n'kutikumbutsa kuti neti timange dzuwa lisanalowe.

Pa malo ogona a ku Kande tinaimika pafupi ndi banja lina la ku Germany, agogo awiri opuma pa ntchito, ndi chigalimoto chonga nyumba yeniyeni, cha bafa ndi chimbudzi mkati. Mayiyo anabwera kudzaona mmene ndimakazingira chambo, ndipo tinacheza ndi Chingerezi changa cha Fomu 4. Anati anachoka kwawo miyezi yambiri yapitayo ndipo sakudziwa kuti adzabwerera liti. Anandifunsa kuti ife timabwera kangati pa chaka kudzapuma kunyanja, poti tili nayo pafupi chonchi. Ndinamuuza kuti ndimabwera kawiri pa mwezi, koma kupuma ndi koyamba. Anaganiza kuti sanamve bwino. Sindinamuone ngati munthu woipa, anali waulemu ndipo anawapatsa amayi mafuta opaka miyendo. Kungoti iye ali ndi penshoni imene imalowa ali pa gombe, pamene ine ndalama imalowa pokhapokha nditakhala pa benchi. Kusiyana kwathu kwenikweni sikunali kukula kwa galimoto ayi, kunali kwakuti iye akaima ndalama yake imayendabe. Usiku umenewo msuweni wanga anandiimbira kuti mayi wina wa lesitilanti amene amatenga mpunga kwa ine sabata iliyonse wakagula kwina. Tulo sindinatione bwino.

Lachisanu tinadutsa m'nkhalango ya mitengo ya labala ku Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira yowumba ndi labala m'mbali mwa msewu, ndipo mwana wanga sanalole kuti tidutse osagula. Pa Nkhata Bay achimwene anatilozera doko limene pamaima Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Kuchoka apo msewu umaisiya nyanja n'kukwera ku Mzuzu, kenako umatenga M1 n'kukatsika pa Chiweta. Amene munatsikapo pamenepo mukudziwa mmene nyanja imatulukira mwadzidzidzi pansi pako, yaikulu mpaka kutsidya osaoneka bwino. Kusukulu tinaphunzira kuti kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580 ndipo kumpoto kuno kuya kwake kumafika mamita 700, koma nambala pa bolodi ndi zina, kuona ndi zina. Achimwene anaimika pambali, mabuleki akununkha. Kutali pamadzi panali mizati yakuda ikukwera kumwamba ngati kukupsa moto. Mwana wanga anakuwa kuti sitima ikuyaka. Ndinamuuza kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi mwaunyinji, ndipo anthu akuno amatigwira ndi malichero n'kupanga ndiwo.

Amayi anafunsa kuti mizatiyo ilipo ingati. Tinawauza kuti itatu. Anafunsa ngati mapiri a kutsidya akuoneka. Tinawauza kuti pang'ono. Anakhala chete mpaka tinafika ku Chitimba, pansi pa phiri la Livingstonia, pamene tinagona usiku wotsiriza. Ndikuwasambitsa madzulo amenewo ndi pamene anandiuza kuti, "Iwe, ndatopa ndi kuonera m'maso mwa mwana. Achimwene ako awononga ndalama zonsezi kuti ndidzaone nyanja, koma ndangoinunkhiza. Tikabwerera mukanditengere kwa adokotala aja." Kwa zaka ziwiri tinawanyengerera, abusa anawalankhula, anzawo a kumvano anawalankhula, osatheka. Chimene chinawagonjetsa ndi nyali 40 zimene mdzukulu wawo anawerenga iwo osaziona.

Pobwerera tinadzera msewu wa M1 wa ku Mzimba ndi Kasungu. Lamulo la usipa ndinalisunga, koma za mpunga sanatchule, choncho pansi pa bedi la amayi panali matumba awiri a Kilombero amene ndinagula m'njira. Achimwene anawatulukira pa rodibuloko apolisi atafunsa, n'kungopukusa mutu. "Chemwali, iwe ngakhale kumwamba udzapita ndi sikelo." Matumba amenewo ndi amene anandibwezera sheya ya kubanki m'khonde. Mayi wa lesitilanti uja sanabwererenso mpaka lero, ndipo makasitomala ena awiri anazolowera kwa neba. Ulendowu unandidyera ndithu, sindinama.

Amayi anawachotsa ng'ala ku chipatala cha Nkhoma, diso limodzi kaye, linalo patapita miyezi. Opaleshoni yake sinatenge ngakhale ola. Tsiku limene anawamasula bandeji, chinthu choyamba chimene ananena n'chakuti ndakalamba ndipo chitenje changa chatha mtundu. Pano akusankha okha mpunga, ndipo masiku ena amabwera kudzandikhalira pa benchi, n'kumakangana ndi makasitomala pa nkhani ya pulaizi.

Galimoto ija inabwerera ku Joni ndi mwini wake. Koma nkhani yake inatsala mu msika, poti amayi amaifotokozera aliyense wogula ngakhale kamulu kamodzi. Amayi a gulu lathu la banki m'khonde, amene ambiri akhala akupikula usipa kwa zaka zambiri osaviikako phazi m'madzi, anagwirizana kuti tiziponya kandalama kapadera sabata iliyonse. Tikadzagawana mu Disembala tikufuna kuchita hayala minibasi, kunyamula mapoto, mbaula, mphasa ndi maneti, n'kukagona mausiku awiri kumudzi kwa amayi ku Nkhotakota. Amfumu tinawatumizira kale uthenga ndipo anavomera. Tagwirizana kuti mabenchi tidzasiyire ana ndi azisuweni tonse tsiku limodzi, kuti pasapezeke wolanda kasitomala wa mnzake. Amayi alembetsa dzina lawo poyambirira, ndipo akuti ulendo uno nyali adzawerenga okha. Chimene sitinagwirizanebe ndi chakuti pobwerera tidzaloledwa kunyamula usipa kapena ayi.